Mutu 6: Khadi la Agogo a Helju

1. Chitini cha mabatani

Loore ankasunga chiphaso cha agogo a Helju, khadi lochitira za boma pa kompyuta, m'chitini cha mabatani. Manambala awiri achinsinsi a khadilo anali mu envelopu, pansi pa chitini chomwecho.

Agogo a Helju anali azakhali a malemu mayi ake a Loore. Anali ndi zaka 83 ndipo ankakhala okha kuseri kwa dambo. Intaneti kumeneko siinafike. Foni inkagwira malo amodzi okha, pa mulu wa nkhuni, munthu atakweza mkono. Zala zawo zinapindika ndi zaka makumi anayi zokama ng'ombe. Chaka chatha, ali pa kompyuta ya ku laibulale, anaphonya nambala katatu, khadi n'kutsekeka. Litatsegulidwa analipereka kwa Loore.

"Tenga. Uzindilembetsa kwa dokotala, uzindionera za mankhwala. Zina usakhudze."

Tsopano unali mwezi wa Okutobala, sabata ya chisankho cha khonsolo. Kuno ku Estonia munthu akakwanitsa zaka 16 amaponya nawo voti ya khonsolo, ndipo Loore anali atakwanitsa mu Ogasiti. M'mudzi wa Palusoo nkhani inali imodzi. Akhonsolo ankafuna kutseka sukulu, ana azikwera basi kupita ku Oruste, makilomita 26. Aphunzitsi a masamu, a Maarika, anaima nawo pa chisankho kuti sukulu isatsekedwe. Nambala yawo, imene wowavotera amalemba, inali 214.

Lolemba, tsiku loyamba loponya voti pa kompyuta, Rasmus anasonkhanitsa anzake kuseri kwa holo ya masewera. Iyeyu anali mtsogoleri wa bungwe la ophunzira, wa zaka 18, wamtali, wolankhula mwachangu.

"Amene akusunga khadi la agogo ake akweze dzanja."

Manja khumi ndi awiri anakwera. Limodzi linali la Loore.

"Ndiye mukudikira chiyani? Khirisimasi?"

"Kodi si mlandu umenewo?" anafunsa mtsikana wina.

"Mlandu ndi kutseka sukulu. Tamverani. Malo oponyera voti pamudzi pano anawatseka kale, akuti aliyense masiku ano amaponya pa kompyuta. Lamulungu, tsiku loponya pa pepala ku Oruste, basi siyenda. Nkhalamba zathuzi kompyuta zilibe. Mavoti awo angowolera pansi ngati maapozi a pakhomo posamuka. Ife tikungotola. Ndipo ndani mwa iwo akufuna sukulu itsekedwe? Palibe. Tikuwathandiza."

Lachiwiri masana Loore anakhala pa tebulo la m'khitchini. Analowetsa khadi lake, n'kuponya voti yake yoyamba. Kenako anatsegula chitini cha mabatani.

Nambala yoyamba yachinsinsi. 214. Nambala yachiwiri yachinsinsi.

Zinatenga mphindi ziwiri. Kompyuta inathokoza agogo a Helju powatchula dzina.

2. Diresi la buluu

Loweruka Loore anapita kukapereka mankhwala. Anayenda pa kagalimoto kake kofiira ka mipando iwiri, kamtundu kamene ana a kumidzi amaloledwa kuyendetsa, kosapitirira liwiro la makilomita 45 pa ola. Agogo ankakatcha ndowa.

Anawapeza akusita diresi la buluu. Diresi limeneli linkatuluka pa maliro ndi pa chisankho. Pa chitofu panali buledi wotsekemera, wophimba ndi nsalu.

"Wamwalira ndani?" anafunsa Loore.

"Usandipusitse. Mawa undipititsa ku Oruste pa ndowa yakoyo. Ubwere ndi khadi langa."

Loore anaika mankhwala pa tebulo pang'onopang'ono.

"Agogo, ku Oruste n'kutali. Kukuzizira. Miyendo yanuyo..."

"Miyendo ndi yanga."

"Theka la dziko lonse likuponya pa kompyuta."

"Aponye. Ndawaletsa ine? Iwo ali ndi waya wolowa m'nyumba. Ine ndili ndi mulu wa nkhuni. Anabwera kuno anyamata a zisoti zachikasu, anayeza, anapaka utoto pa mitengo, anati chaka chamawa. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Utoto unasuluka. Kenako akutseka malo oponyera voti, akuti aliyense ali ndi intaneti. Aliyense ndi ndani? Ine si munthu?"

"Sindinatero."

"Ine ndikufuna pepala, cholembera ndi katani. Ndilembe ndekha, ndipinde ndekha, ndimve likugwera m'bokosi. Naini koloko. Ndipo upese tsitsi limenelo."

Loore anatuluka. Anakwera pa mulu wa nkhuni, n'kukweza foni. Lamulo ankalidziwa, analiphunzira m'kalasi. Voti ya pa pepala imafafaniza ya pa kompyuta. Chimenecho sichinamuopse. Chomuopsa chinali chakuti khadi likafika pa tebulo la alembi, kompyuta yawo imaonetsa kuti mwini wake anaponya kale.

Rasmus anayankha msanga.

"Akufuna kupita ku Oruste," anatero Loore.

"Ndani?"

"Agogo a Helju. Asita kale diresi."

"Ndiye uwauze kuti galimoto yafa."

"Siinafe."

"Iphe. Chotsa fyuzi, ubwezeretsa Lolemba. Iwe Loore, ukundimva? Akakafika pa tebulo paja, sikhala nkhani yako wekha. Tili khumi ndi awiri. Adzati a Maarika ndi amene anatituma, pamene iwo sakudziwa kanthu. Sukulu itha pomwepo. Tsiku limodzi lokha. Agogo ako adzakwiya, adzadya buledi wawo, adzaiwala."

"Iwo saiwala."

"Fyuzi, Loore."

3. Fyuzi

Lamulungu kunacha ndi chisanu pa udzu. Bambo ake a Loore, a Aivar, anali m'shedi, akunola tcheni cha makina odulira mitengo. Chiwamwalirire akazi awo, zaka zitatu zapitazo, ankalankhula mawu owerengeka.

Kunja kagalimoto kanali chitsegulire kutsogolo. Loore anapotoza kiyi kawiri kuti phokoso la kukana kwake limveke.

A Aivar anatuluka, tupa ili m'manja.

"Kafa?"

"Kakukana kulira."

Anawerama. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi. Anayang'ana pa mpata wopanda kanthu. Kenako anayang'ana thumba la jekete la Loore.

Sanafunse. Anawongoka, n'kupukuta manja pa buluku.

"Helju ali pa geti. Ndamuona pobwera ku nkhalango. Wavala chipewa."

"Nthawi siinakwane."

"Wayamba eyiti."

Loore anachotsa kiyi.

"Mayi ako ankamupititsa. Chisankho chilichonse. Chaka china chipale chofewa chinafika m'mawondo, anapita pa thirakitala."

"Bwanji osawapititsa inuyo?"

"Sanapemphe ine."

Anabwerera m'shedi. Tupa inayambanso kulira pa tcheni.

Loore anaima pomwepo. Foni yake inanjenjemera. Anali Rasmus: "Yafa?" Anaiika m'thumba, ndipo m'thumba lomwelo anatulutsa fyuzi. Anaibwezera pa mpata wake. Analowa m'nyumba, anatenga khadi m'chitini, anapesa tsitsi.

Kagalimoto kanalira kamodzi kokha.

4. Lalanje

Agogo anakwera movutikira, chikwama chili pa miyendo, buledi ali pamwamba pa chikwama.

"Wachedwa mphindi khumi."

"Pepani."

Anadutsa dambo, n'kulowa msewu wa miyala wa pakati pa mitengo. Loore anatsegula pakamwa kawiri. Kawiri konseko anatsekanso.

"Ukuganiza kuti ndine nkhalamba yamakani," anatero agogo. "Mvetsera. Sindinakuuzepo, mayi ako okha ndi amene ankadziwa.

"Nthawi ya ulamuliro wakale uja wa chipani chimodzi ndinkakama ng'ombe pa famu ya boma. Chisankho chinkakhalapo, usaganize kuti kunalibe. Nyimbo, mbendera, ndipo pakhomo ankagulitsa soseji ndi malalanje, zinthu zimene chaka chonse sitinkaziona. Koma pa pepala pankakhala dzina limodzi. Unkangolandira, kupinda, kuponya. Katani inalipo pakona, koma ukalowako aliyense ankadziwa kuti wapita kukakhwatcha dzinalo. Ankakulemba.

"Chaka chimenecho dzina linali la munthu amene anachotsa mchimwene wanga ntchito chifukwa cha nthabwala imodzi. Ndinati ndikalowa ku katani. Andilembe. Pensulo ndinaibisa mu sokosi. Sabata yonse sindinadye bwino ndi mantha, koma ndinati ndipita.

"Tsikulo ng'ombe inavutika kubereka. Ndinakhala nayo mpaka folo koloko. Ndinasamba, ndinathamanga makilomita anayi. Ndinapeza akupinda nsalu za pa tebulo. Kapitawo wathu anaseka. Anati, 'Helju, iwe waponya kale.' Ndinati liti? Anandionetsa buku. Dzina langa, ndi siginecha yolemba munthu wina. Anati, 'Tinakuthandiza, kuti tonse tiweruke msanga. Nanga ukanasankha wina ndani?' Anandipatsa lalanje.

"Sanandimenye. Sanandilalatire. Anali munthu wabwinobwino, ana ake ndinkawapatsa mkaka. Ankaganizadi kuti wandithandiza. Chimenecho n'chimene ndikufuna umve. Wokulanda mawu nthawi zambiri sabwera ndi mfuti. Amakudziwa, amakukonda, ndipo amatsimikiza kuti akudziwa chimene ukanasankha. Mwina amalondola. Zilibe kanthu. Sanakufunse.

"Lalanje lija ndinapatsa nkhumba. Ndipo ndinalumbira kuti dziko likadzasintha, palibe munthu adzandiuzenso mawu amene aja. Kompyuta sindidana nayo. Iwe uli ndi maso ndi zala, ponya nayo. Koma ine sindiona kumene voti yanga ikupita, ndipo podina pamafunika munthu aime kumbuyo kwanga. Chinsinsi chili pati pamenepo?"

Loore anagwiritsa chiwongolero.

"Bwanji wakhala chete? Wadwala?"

"Ayi, agogo."

"Ndiye ponda. Njinga itipitirira."

Pamphambano ya msewu wa tara panali galimoto yakuda itaima chopingasa. Rasmus anatsika, akukweza manja. Loore anaima. Agogo anatsitsa galasi.

"Iwe si mdzukulu wa Leida? Makutu ake omwewo."

"Mwadzuka bwanji, agogo. Pepani, msewu wa ku Oruste watsekedwa. Mlatho akuukonza."

"Lamulungu?"

"Ee, mwadzidzidzi."

"Akhonsolo athu, kugwira ntchito Lamulungu? Ndiye ndikaone ndi maso anga ndisanafe."

Rasmus anazungulira kupita mbali ya Loore. Anawerama, n'kulankhula motsitsa.

"Bwerera. Ndakupatsa chifukwa. Ungotembenuka basi."

Loore anayang'ana agogo. Iwo anali kukonza chipewa pa kagalasi.

"Chotsa galimoto, Rasmus."

"Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa chimene ndinachita. Chotsa."

"Sindichotsa."

Loore anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anakhotetsa chiwongolero, n'kulowa m'mphepete mwa ngalande, m'udzu wouma. Kagalimoto kanapendekeka, kanalira, kanakanda chitsamba, n'kutulukira pa tara kuseri kwa galimoto yakuda. Buledi anagwera pansi.

"Ndowa ili ndi ubwino wake," anatero agogo, akumutola.

5. Pa tebulo

Ku Oruste ankaponyera m'holo ya zisangalalo. Munali anthu pafupifupi makumi awiri, ambiri a imvi. Alembi atatu anakhala pa tebulo lalitali. Wapakati anali mayi Sirje, wa magalasi a chingwe, amene masiku ena ankayang'anira laibulale.

Agogo anatambasula dzanja. Loore anaikamo khadi.

"Agogo, ndikufuna ndikuuzeni..."

"Pambuyo. Tsopano ndi nthawi yanga."

Anayenda okha mpaka pa tebulo, ndodo ikugogoda pansi.

"Mayi Helju! Mwafika ndithu," anatero mayi Sirje. "Chaka chino ndimati simubwera."

"Ndikadzapanda kubwera mudzafunse ku manda."

Mayi Sirje anaseka, n'kulowetsa khadi. Anayang'ana pa kompyuta. Anavala magalasi, n'kuyang'ananso.

"Koma pano pakuoneka kuti munaponya kale, mayi. Pa kompyuta."

Ndodo inasiya kugwedezeka.

"Mwati bwanji?"

"Munaponya kale. Palibe vuto, pepala lifafaniza imeneyo. Ndimangofuna mudziwe."

Agogo anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana Loore. Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene anali ndi khadi limenelo ndi envelopu yake.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukiranso ku tebulo. Mapewa awo anatsika.

"Inde," anatero, ndi mawu aang'ono amene Loore anali asanawamvepo. "Ndinaponya. Ndinaiwala. Ukalamba."

Mlembi wachinyamata wa kumapeto anamwetulira. Bambo wina pa mzere anagwedeza mutu mwachisoni, n'kunong'oneza mkazi wake. Mayi Sirje anati, "Zimachitika, mayi, musadandaule," n'kutenga pepala.

"Sanaiwale kanthu."

Onse anacheuka. Loore anali atafika pa tebulo.

"Khala chete, mwana iwe," anatero agogo.

"Ayi. Sanaiwale, ndipo sanaponye. Kwawo kulibe intaneti. Khadi ndimasunga ndine, manambala ndimasunga ndine. Lachiwiri masana ndinaponya m'dzina lawo. Sindinawafunse. Sanadziwe mpaka pano."

"Loore, ndati..."

"Munalumbira, agogo. Simunama chifukwa cha ine."



Mayi Sirje anavula magalasi. Anapereka pepala kwa agogo ndi manja awiri.

"Katani ili uko, mayi Helju. Musafulumire."

Agogo atalowa kuseri kwa katani, mayi Sirje analozera Loore mpando wa pambali.

"Khala apa. Ndiwe mwana wa Aivar, eti? Mayi ako ndinaphunzira nawo. Ndiye ndikuuza zoona, sindikunyengerera.

"Chimene unachita ndi mlandu. Ndiyenera kulemba, ndipo ndilemba. Apolisi adzakuitana, bambo ako adzapita nawe. Ndilembanso kuti unanena wekha, palibe anakukakamiza. Zimenezo zidzakuthandiza, koma sizifafaniza.

"Tamvera china. Ine ndimaponya pa kompyuta chiyambire. Ndimaikonda. Mwana wanga ali ku Finland, amaponya ali pa ntchito. Koma chinthu chimenechi chimayenda chifukwa chimodzi chokha: tonse timakhulupirira kuti amene wadina ndi mwini khadi. Palibe katani m'khitchini mwanu, palibe mlembi woyang'ana nkhope. Pali iwe ndi chikumbumtima chako. Ana inu mumaseka okalamba kuti amaopa kompyuta. Saopa kompyuta. Amaopa munthu amene waima pakati pa iwo ndi kompyutayo. Ndipo munthu ameneyo nthawi zonse ndi wapafupi, chifukwa mlendo sapatsidwa envelopu.

"Anakupatsa khadi chifukwa boma silinawafikitsire waya, ndipo zala zawo zinatha. Limenelo ndi vuto lathu akuluakulu, ndipo ndi manyazi athu. Koma amene ali ndi waya asamadye za amene alibe. Wamva?"

"Ndamva."

"Unachita wekha?"

Loore anakweza mutu.

"Khadi limeneli ndinadina ndekha."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndayankha za khadi limene linali m'manja mwanga."

Mayi Sirje anamuyang'ana. Kenako anayamba kulemba.

Agogo anakhala kuseri kwa katani mphindi zisanu, polemba manambala atatu. Anatuluka pepala litapindidwa. Mlembi wachinyamata anadinda chidindo, osamwetuliranso. Agogo analowetsa pepala m'bokosi, n'kuwerama pang'ono kuti amve likugwa.

Khadi analiika m'chikwama mwawo. Anatseka zipi.

6. Mpando umodzi

Panja agogo anakhala pa benchi, n'kunyema buledi. Anadya okha chidutswa choyamba. Loore anaima patsogolo pawo.

"Pepani, agogo."

"Ndamva."

"Ndimafuna sukulu isatsekedwe."

"Kapitawo uja amafuna tiweruke msanga. Aliyense ali ndi chifukwa chake."

Loore anapukuta mphuno ndi nkhonya.

"Bwanji munanama chifukwa cha ine?"

"Chifukwa ndine chitsiru, ndipo uli ndi chipumi cha mayi ako. Usandifunsenso."

Anamupatsa chidutswa. Loore anadya.

"Mwalemba 214?"

"Chimenecho ndi changa."

"Koma..."

"Changa, ndati. Envelopu ubweretse mawa. Lachitatu tipita ku laibulale, ukandionetse posinthira manambala. Ndikadina ndekha, iwe utayang'ana khoma. Zitenge tsiku lonse, zitenge."

"Chabwino."

Foni ya Loore inanjenjemera. Mauthenga anali atachuluka. Nkhani inali itafika kale ku Palusoo. Womaliza unali wa Rasmus: "Wagulitsa sukulu. Mawa usabwere."

Agogo anakunkhumula nyenyeswa pa diresi.

"Mnyamata wa makutu uja sanatseke msewu chifukwa cha khadi langa lokha. Mulipo angati?"

Loore anabisa foni m'thumba.

"Sindikufunsa maina a ana. Maina a ana sunga, ndaona kuti umatha. Ndikufunsa nkhalamba. Ndi angati anzanga amene aponya kale osadziwa?"

"Khumi ndi mmodzi."

Loore anatchula maina a nkhalambazo, mmodzimmodzi. Agogo anatseka maso. Anawatsegulanso.

"Atseka nthawi yanji muno?"

"Eyiti madzulo."

"Pano ndi?"

"Hafu pasiti leveni."

"Ndowa yako imanyamula angati?"

"Mmodzi, agogo. Ulendo umodzi ndi ola ndi theka, kupita ndi kubwera. Sindingathe onse."

"Bambo ako ali ndi galimoto. Muimbire."

"Sakonda kulowerera za anthu."

"Muimbire."

Loore anaimba. Anafotokoza zonse ali chiimire, osasiya kanthu, za Lachiwiri, za fyuzi, za apolisi. Mbali inayo tupa inali itasiya kulira.

"Bambo? Mulipo?"

"Ndiyambire kwa ndani?" anatero a Aivar.

Agogo analanda foni.

"Aivar, yamba ndi Kalju ndi alongo awiri a kuseri kwa chigayo. Usawauze zambiri, ungoti Helju akuti valani. Leida ndikamuuza ndekha. Tinakama limodzi zaka makumi atatu, amve kwa ine."

Anabweza foni, n'kuimirira ndi ndodo.

"Leida ndi agogo ake a Rasmus," anatero Loore.

"Ndikudziwa. Mnyamatayo ndinamusambitsapo ali khanda. Tiye."

Anabwerera msewu womwewo. Pamphambano paja panalibe munthu. Anakhota kumanzere, kulowa kanjira ka kwa a Leida, pakati pa mitengo ya maapozi yopanda masamba.

Galimoto yakuda inali pa geti, chopingasa. Pambali pake panali njinga zamoto zisanu ndi timagalimoto tiwiri. Anzake a Loore anaima pamzere, manja ali m'matumba. Rasmus anali pakati, khadi la agogo ake lili m'dzanja.

Kuseri kwawo, pa zenera la khitchini, katani inasuntha. Nkhope ya a Leida inaonekera.

"Ngalande ilipo pano?" anafunsa agogo a Helju.

"Palibe."

"Ndiye zimitsa. Undipatse ndodo yanga."

Loore anazimitsa injini. Anatsika woyamba.